Dzina limene ndinatchula pa nkhani za masana

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Ntchisi musayembekezere kuzipeza muno, mukafunse azakhali anu, ndi amene amakonda kuuza anthu momwe ndinkalirira popita kusukulu. Ine ndiyambira pomwe ndinalowa ntchito ya pa wailesi, ndipo ndikathera pa nkhani imodzi imene mpaka lero sindidziwa ngati ndinaigwira bwino kapena ndinalakwitsa. Mukawerenga mundiuze inuyo, poti sukulu munapita nayo patali kuposa ine.

Chaka changa choyamba, ku Madisi

Wailesi imene inandilemba ntchito inali kakang'ono, zipinda ziwiri basi. M'chipinda choulutsira mawu tinakhomerera matileyi a mazira m'makoma kuti phokoso la ngolo ndi mbuzi za panja lisamalowe. Atolankhani tinalipo anayi koma rekoda inali imodzi, ndiye tinkalimbirana ngati ana pa mpira. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, ena ankachita kuwaluma, eti kuti mphamvu ibwerere. Magetsi akazima pakati pa nkhani, unkangopitiriza kuwerenga wekhawekha osadziwa kuti palibe akukumva. Bwana wathu anali bambo Mwale, munthu wamfupi amene kale anali mphunzitsi, wosasiyana ndi cholembera chofiira kukhutu. Kwa iwo aliyense watsopano ankayambira pa mauthenga a maliro, kaya uli ndi mapepala otani.

Sabata yanga yachiwiri kunabwera munthu pa njinga ndi kapepala kolembedwa mothamanga: a Phiri a ku Chisepo amwalira, maliro mawa. Ine ndi changu changa ndinangokawerenga momwemo, kawiri konse, ndi mawu achisoni amene ndinkadzitama nawo. Abale inu, ku Chisepo a Phiri alipo angati? Kutacha anthu anali piringupiringu m'misewu, aliyense kuthamangira kwa a Phiri ake. Mayi wina anachoka ku Kasungu akulira njira yonse, nakapeza bambo ake ali m'chigafa akusoka fodya, ali bwinobwino. Tsiku lachitatu mkuluyo anapalasa njinga mpaka ku Madisi, nalowa mu ofesi chipewa chili kumanja. "Ndabwera kudzaona mtsikana amene wandipha," anatero. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Atapita, bambo Mwale sanakalipe. Anangochotsa cholembera chija kukhutu n'kugogoda nacho patebulo. "Iwe Esinati, munthu amakhala ndi dzina, amakhala ndi kwawo. Ukamanena za munthu pa wailesi ino utchule dzina lonse, utchule malo, utchule chomwe amachita. Nkhani yopanda dzina si nkhani, ndi miseche ya pamjigo. Wamva?" Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkachita kudwala ndikamva mnzanga akunena kuti "bambo wina wa m'dera lina". Atolankhani onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawaphunzitsa zomwezo, ena mpaka anandipatsa dzina loti Mayi Dzina-ndani.

Zaka zanga za pa Malomo

Patapita zaka zambiri ananditumiza kukakhala pa Malomo kuti ndizitumiza nkhani za mbali ya Ntchisi. Apo n'kuti bambo Mwale atapuma, kenako n'kutisiya. Pampando pawo panakhala a Lameki, munthu wabwino koma wamng'ono kwa ine, wa mafoni awiri m'manja nthawi zonse. Rekoda inali itatha ntchito, nkhani ndinkangoimba pafoni n'kulankhula mwachindunji pa wailesi. Koma mafoni omwewo ndi amene anatisokoneza. Kale nkhani inkadikira mtolankhani. Tsopano ndinkati ndikatsika pa kabaza pamalo pomwe pachitika chinthu, ndinkapeza aliyense ali nacho kale m'manja, chithunzi ndi mawu omwe, chitazungulira m'magulu a pafoni mpaka ku Joni. Ntchito yanga inasanduka yothamangitsa mabodza ondiposa liwiro, ine ndi mawondo angawa.

Mabodza ambiri ankakhudza anthu obwera. Mukudziwa kuti ku Dowa kuli kampu ya anthu othawa nkhondo kwawo. Lamulo linkati azikhala m'kampumo, koma ena anatuluka kalekale n'kukatsegula timagolosale m'misika ya kumidzi. Aliyense ankadziwa, aliyense ankakhala chete, chifukwa anthuwo ankatsegula m'mamawa ndipo sankanyinyirika kukugulitsa shuga wa pa supuni. Anthu ankangowatcha onse Maburundi, kaya wachokera ku Kongo kaya ku Rwanda. Zinthu zikakwera mtengo, ati ndi iwo. Mbuzi ikasowa, ati ndi iwo. Ngakhale ineyo pa wailesi ndinkasowa mawu oyenera. Ndikati othawa kwawo, wina ankaimba foni kuti athawa chiyani poti akulemera. Ndikati alendo, wina ankati mlendo wanji wa zaka khumi. Ndinkangosinthasintha, osakhutira ndi lililonse.

Pa Malomo panali banja la a Yohane ndi mayi Klodina, ochokera ku Burundi. Anali atakhalapo zaka zisanu ndi zinayi, ana awo atatu anabadwira pomwepo ndipo Chichewa chawo chinali cha pa Malomo penipeni. A Yohane ankaimba kwaya ku Katolika, ndipo ndikapita kukagula sopo ankandiseka kuti ife a mpingo winawu timaimba ngati tikukankha ngolo pamtunda. Ine ndinkawabwezera kuti iwo amagwada kwambiri mpaka mathalauza kutha m'mawondo. Tinkakhala choncho. Mwana wawo wotsiriza anali wakhanda, ndipo ankakonzekera ubatizo wake.

Lachiwiri lina, mwezi wa Meyi

M'mawa umenewo ndikuchapa, foni inayamba kulira mosalekeza. Nditsegule, chithunzi chomwecho chabwera kuchokera kwa anthu asanu ndi mmodzi: mulu wa dothi lofiira kuseri kwa nyumba, wautali ngati mtumbira wa mwana, wosalazidwa bwino, pambali pali phulusa. Pansi pake mawu a mwamuna wosadzitchula dzina, akulankhula mopuma wefuwefu, akuti Maburundi a pa Malomo apha mwana n'kumukwirira kuseri kwa golosale kuti malonda aziyenda. Mpanda wa m'chithunzimo ndinauzindikira. Unali wa a Yohane. Ndinasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kuthamanga.

Ndinapeza chinamtindi cha anthu, ena ndi miyala, ena ndi zibonga, ambiri atangotukula mafoni m'mwamba. Apolisi awiri anali ataima pakhomo thukuta lili kamukamu. A Yohane anali atakhala pansi pakhonde malaya atang'ambika paphewa, mayi Klodina ali kumbuyo kwawo khanda lili kumsana, ana awiri aja atawagwira chitenje. Ine ndinayamba ndi funso la ntchito yanga. Ndinagwira mayi wina amene ankakuwa kwambiri. "Mayi, mwana waphedwayo dzina lake ndani?" Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Aa, ine ndidziwa bwanji? Akuti ndi wa kumtundaku." Ndinafunsa bambo wina, ati ndi wa ku Chisepo. Wachitatu ati ndi mtsikana, wachinayi ati ndi mnyamata wa sitandade 2. Ndinafunsa kuti kodi make ali kuti, nanga mudzi umene wasowa mwana ndi uti, bwanji sitikumva kulira. Koma miyala sanataye.

Ndinapita kuseri kukaona ndekha. Chinthucho chinkaonekadi ngati manda. Ine ndinakulira ku Ntchisi, ndikudziwa kuti dothi lokumbidwa chatsopano n'kuunjikidwa motalika choncho limatanthauza chinthu chimodzi. Ndinabwerera kwa a Yohane mutu utaima. "Bambo, kuseriku mwakwirirako chiyani?" Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Amayi, ndi nthochi. Ndawauza kuyambira m'mawa kuti ndi nthochi. Kwathu timakumba dzenje, timayalamo masamba, timaika nthochi, timakwirira, timalowetsamo utsi kuti zipse msanga. Ndimafuna ndifinye madzi ake a alendo a pa ubatizo Lamulungu. Ndawapempha kuti ndifukule aone, akukana." Nthochi m'manda? Ife timavundika m'thumba kapena mumtsuko kuseri kwa chitseko. Zokwirira chakudya ngati munthu ndinali ndisanazionepo. Sindinadziwe ngati ndiwakhulupirire kapena ayi, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero, chifukwa anali munthu amene ndinkaseka naye sabata iliyonse.

Tsono apa ndi pomwe zinthu zinakakamira. Anthu ankakana kuti a Yohane akumbe, ati asokoneza umboni. Koma mwa onse okuwawo panalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kugwira khasu, chifukwa manda sakumba munthu wamba, ndi ntchito ya adzukulu. Tinaima choncho nthawi yaitali, anthu mazana kuzungulira mulu wa dothi, wina osaukhudza. Mapeto ake wapolisi wamkulu anatumiza uthenga kumudzi wapafupi, ndipo kunabwera adzukulu atatu ndi makasu awo, nkhope zili gwa monga amachitira pa ntchito yawo. Amayi ena anayamba kulira maliro. Khasu loyamba, lachiwiri, kenako masamba a nthochi ofota. Mdzukulu wamkulu anagwada, nakanganula masambawo pang'onopang'ono, ndipo fungo linatifika tonse asanatulutse kanthu. Anadzuka atanyamula phava la nthochi zakupsa, zachikasu mbuu ndi phulusa.  Kenako munthu wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, ndipo khamu lonse linagwa nacho chiseko. Mdzukulu uja anasenda imodzi n'kudya, ati ntchito yakula. Miyala inagwa pansi yokha, ndipo amene ankakuwa kwambiri aja ndi amene anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale.

Ine ndinkaganiza kuti zatha. Foni inalira, a Lameki. "Amayi, muli pomwepo? Chithunzi chija chafika ku Chisepo ndi kuno ku Madisi. Ku Chisepo anthu azungulira kale magolosale awiri a obwera, ayamba kugenda malata. Nkhani za masana zatsala ndi mphindi makumi awiri. Ndikuikani pa wailesi munene zomwe mwaona." Ndinavomera. Ndikutembenuka, mayi Klodina anali ataima pafupi nane, atamva zonse. Anandigwira dzanja, nalankhula motsitsa. "Amayi, nenani za nthochizo. Koma chonde dzina musatchule. Musanene kuti tili pano."

Ndinadziwa chomwe ankaopa, ndisadzinamize. Mapepala awo ankati amakhala kukampu. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pa Malomo chifukwa palibe amene ananena mokweza. Ndinapita pansi pa mtengo wa bulugamu n'kuimbiranso a Lameki. "Akuti ndisatchule dzina." Iwo anati, "Amayi, inu ndi amene muli pamalopo, ndipo ndinu wamkulu kwa ine. Koma mukangoti bambo wina pamalo pena, a ku Chisepo anena kuti amenewo ndi ena, athuwa aphadi mwana. Anena kuti wailesi yadya za Maburundi. Chitani chomwe mukuona."

Chomwe ndikuona! Ine sindinkaona kanthu.  Ndikabisa dzina, bodza lija lili ndi chithunzi, lili ndi malo, pomwe choonadi changa chilibe nkhope, ndani achikhulupirire? Ku Chisepo kuli anthu ena, ana ena, atsekeredwa m'magolosale miyala ikugwa padenga. Ndikatchula, ndiye kuti ndaimika banja ili pabwalo dziko lonse likuona. Ndinaganiza zongoti pa Malomo osatchula munthu, koma pa Malomo golosale ya obwera inali imodzi yokha. Ndinaganiza zosatchula dziko lomwe anachokera, koma nanga mwambo wokwirira nthochi ndiufotokoza kuti ndi wa kuti? Ndipo m'khutu mwanga munali cholembera chofiira chija chikugogoda patebulo. Zaka zonsezo ndinali ndisanaulutsepo nkhani yopanda dzina. Pakamwa panga sipankadziwa n'komwe kayankhulidwe kake.

Anandilumikiza. Ndinanena kuti palibe mwana amene wasowa, palibe mudzi umene wadandaula, ndipo ndaona ndi maso anga adzukulu akufukula nthochi. Kenako mawu anangotuluka monga ankatulukira masiku onse: dzina lonse la a Yohane, ochokera ku Burundi, a golosale pa Malomo, amene akhala pano zaka zisanu ndi zinayi mwamtendere ndi anzawo. Mawu akuti mwamtenderewo ndinawonjezera dala, ndimvekere ndikuwathandiza. Nditadula foni ndinayang'ana pakhonde. Kawailesi ka m'golosale kanali kotsegula. Mayi Klodina anangomasula mwana kumsana n'kulowa naye m'nyumba.

Ku Chisepo anthu anabalalika dzuwa lisanapendeke. Wina anaika wailesi pa sipika ya pamsika, anthu n'kuyamba kuseka za maliro a nthochi, ndipo palibe anavulala. A Lameki anandiimbira kundiyamikira, ati nkhani imeneyi azidzaphunzitsira atolankhani atsopano. Lamulungu ubatizo unachitika. Anandiitana, ndinapita, ndinamwa madzi a nthochi aja m'kapu ya pulasitiki. Anali okoma kwabasi, ndipo ndinadziuza kuti mantha a mayi Klodina anali a chabe.

Patatha sabata ndi masiku awiri

Galimoto ya boma inabwera Lachinayi m'mawa, tsiku lopanda msika. Ine ndinali ku chipatala kukatola nkhani ya katemera, ndinangomva pobwerera. Akuti anthu ake anali aulemu, sanamenye munthu, anangofunsa mapepala n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, banja lonse libwerere kukampu. Anawapatsa nthawi yoti amange katundu. Mayi woyandikana nawo nyumba anandiuza kuti mmodzi mwa anthuwo anatchula dzina la a Yohane lonse asanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo atafunsidwa kuti alidziwa bwanji anati, "Si linanenedwa pa wailesi?" Ndinapeza chitseko cha golosale chili ndi loko, kuseri dzenje lija lili pululu, nkhuku zikupalasamo.

Ndinakwiya, koma sindinadziwe woti ndimukwiyire. Munthu wojambula chithunzi uja sanadziwike mpaka lero, iye dzina lake silinatchulidwe paliponse. A galimoto aja ankagwira ntchito yawo. A Lameki anati mwina akanabwerabe, chithunzi chija chinali chitawaonetsa kale njira. Mwina n'zoona. Abusa athu anati ndinapulumutsa miyoyo ku Chisepo. Mwinanso n'zoona. Bambo anu, Mulungu awasunge, anangoti, "Mayiyo anakupempha, eti?" n'kupitiriza kukonza njinga yawo. Sindinawayankhule masiku awiri. Pa ntchito ndinayamba kuchita chibwibwi. Ndikafika pa dzina la munthu ndinkaima kaye, mpaka a Lameki anandifunsa ngati foni yanga ikuvuta netiweki. Atolankhani atsopano akandifunsa kuti titchule kapena tisatchule, Mayi Dzina-ndani ndinkangoti, "Kaya." Chaka chotsatira ndinapuma.

Chaka chino, mwezi wa Juni

Zinanditengera nthawi yonseyi kuti ndilimbe mtima. Ndinakwera minibasi mpaka ku Dowa, ndinafunsafunsa m'tinjira ta m'kampu mpaka mayi wina anandilozera kanyumba ka zidina. A Yohane anali atapita kukagwira ganyu. Mayi Klodina anali pakhomo akusankha nyemba, ataonda, ndipo kamwana kaja tinakamwera madzi a nthochi kanali kakuthamangathamanga. Anandizindikira nthawi yomweyo. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi, ndipo tinafunsana za moyo ngati anthu wamba. Anandiuza kuti ana akuluwo amafunsabe kuti tibwerera liti kwathu, ndipo akamati kwathu amanena pa Malomo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi koma onse anathawa. Ndinangoti, "Mayi, tsiku lija munandipempha." Anapitiriza kusankha nyemba. "Ee, ndinakupemphani." Ndinati ndinkaopa za anthu a ku Chisepo. Anagwedeza mutu. "Ndikudziwa. Mmodzi wa iwo ndi mlamu wanga. Akadali komweko, akugulitsa." Apa ndiye mutu unandisokonekeratu, chifukwa sindinadziwe ngati akundithokoza kapena akundiweruza, ndipo nkhope yawo sinkandithandiza. Ndinafunsa mosabisa, misozi ili m'maso, "Nanga ndikanatani?" Iwo anati, "Sindikudziwa, amayi. Inu ndinu a wailesi. Zonse zomwe munanena zinali zoona, palibe bodza ngakhale limodzi. Ine ndinangopempha."

Potsanzikana ndinawauza kuti ana anga akufuna ndilembe mbiri ya ntchito yanga, ndipo nkhani yawo sindingaisiye. Anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. "Lembani za nthochizo, anthu aseke." Anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo minibasi ikuima anandigwira dzanja monga anandigwirira tsiku lija, koma ulendo uno sanandipemphe kanthu.

Ndiye ana anga, mukamawerenga muno musavutike kukafunsa pa Malomo za a Yohane ndi mayi Klodina. Palibe adzawadziwe. Amenewo si maina awo. Bambo Mwale akanaona tsamba lino akanalidula ndi cholembera chofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mwina akanakhoza, ine sindikudziwanso. Maina enieniwo ndili nawo, ndinawatchula kamodzi, ndipo sindidzawatchulanso.